Makolo tisamaitanidwe kusukulu pa nkhani ya njerwa yokha

Ine ndili mukomiti ya PTA, ya makolo ndi aphunzitsi, pasukulu ya pulayimale yomwe ana anga awiri amaphunzira. Ndi sukulu ya boma ya m'mbali mwa tauni, yoti makolo ena ndi a geni ena olima ena aganyu, dzina lake sinditchula poti zomwe ndikufuna kukambazi si zapasukulu imodzi ayi. Mwana akabwera kunyumba ndi uthenga woti makolo mukufunika Lachisanu, aliyense amadziwiratu kuti nkhani ndi zitatu, mwina ndalama ya chitukuko, mwina njerwa ndi mchenga, apo ayi mwana wako wapalamula. Nde anthu amazemba. Ena amatuma mchemwali wake wa mwanayo woti nayenso ndi mwana, ena amangoti zomwe mukagwirizane ndigwirizana nazo. Ineyo sindiwaweruza kwambiri, palibe munthu amapita mokondwa pamalo poti akudziwa kuti akukamulipiritsa kapena kukamukalipira.

Chizolowezichi chili ndi pochokera. Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale, ana anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni nthawi imodzi, makalasi osakwana, ana ali mbwee pansi pa mitengo, aphunzitsi ambiri kulembedwa ntchito mwachangu asanapite kukoleji. Chomwe chinkaoneka ndi maso kuti chikusowa ndi makoma ndi denga, ndiye makolo anauzidwa kuti umbani njerwa, ndipo anaumbadi, mabuloko ambiri omwe ana athu akuphunziramo lero ali ndi thukuta la makolo athu. Koma mbali inayi mawu oti sukulu ndi yaulere anthu ena anawamva ngati akuti sukulu ndi ya boma, iwe zisakukhudze. Mpaka pano tikuyendabe ndi maganizo awiriwa, kholo ndi la njerwa, zam'kalasi ndi za aphunzitsi.

Chomwe ndaona ine ndi chakuti makolo sangalowe bwino pa nkhani ya maphunziro ngati aphunzitsi okhaokhawo sakukambirana. Pasukulu pathu kale zinkayenda chonchi: aphunzitsi a sitandade 5 akuti anawa akubwera osadziwa kuwerenga, a sitandade 3 akuti nafenso tinawalandira choncho, mlandu nkumatsika mpaka kukagwera madamu a sitandade 1 omwe ali ndi ana opitirira 100 m'kalasi imodzi pamene boma lenilenilo limanena kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Ndipo zotsatira za mayeso a sitandade 8 a PSLCE zikatuluka ku MANEB, ana angapo asankhidwa kupita kusekondale zabwino, ife makolo timaombera m'manja aphunzitsi a sitandade 8, ena mpaka kuwapititsira nkhuku, osakumbukako munthu uja anamugwira dzanja mwanayo kuti alembe lembo lake loyamba zaka eyiti zapitazo. Izi zimandiwawa kwambiri.

Zinayamba kusintha ahedi atagwirizana ndi ma section head, aphunzitsi oyang'anira magawo a makalasi, kuti aphunzitsi a sitandade 1 mpaka 4 azikhala pansi Lachitatu lililonse ana ang'onoang'ono aja akaweruka. Si miting'i ya alawansi, palibe fanta palibe bani, ndi pansi pa mtengo kuseri kwa ofesi basi. Tsiku lina anatiitana ife a komiti kuti tidzangoonerera, ndipo ndinaona zinthu zomwe sindinkadziwa kuti zimachitika pasukulu. Aliyense anabwera ndi pepala la mayina a ana omwe akuvutika, osati kungoti ndi ofooka ayi, koma kunena kuti uyu malembo amawadziwa koma kuphatikiza kumamukanika, uyu amasokoneza b ndi d, uyu amawerenga koma ukamufunsa zomwe wawerenga sadziwa. Kenako madamu a sitandade 2 anaimirira nkuphunzitsa anzawowo ngati ana. Anatulutsa timakadi todula ku katoni ya sopo, pena palembedwa ma pena ne pena ku, nkumatisuntha pamphasa kuti mawu asinthe, mane, kuma, nema, anzawo akuyankha mokweza ngati ana a zaka seveni. Mphunzitsi wina wachinyamata wongochoka kumene ku TTC, kukoleji ya aphunzitsi, anafunsa kuti nanga ana a kumbuyo aona bwanji tikadi tating'ono chonchi, nde anakambirana mpaka kugwirizana kuti ana azikhala m'magulu, gulu lililonse ndi timakadi take, mwana wodziwako atsogolere. Aphunzitsi ali ndi dzina la zimenezi, amati TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi, zitsekerero za mabotolo, timitengo, makatoni, nthanga.

Chiyambireni National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, mu 2016, ana a sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga mwa ndondomeko, liwu la lembo kaye, kenako maphatikizo, kenako mawu, kenako chiganizo, ndipo phunziro la lero limatsamira pa la dzulo. Ndiye mwana akajomba sabata imodzi chifukwa cha malungo kapena anamutenga kumunda, amabwerera anzake ali patali, ndipo m'kalasi ya ana 100 mphunzitsi sangabwerere m'mbuyo chifukwa cha iye yekha. Apa mpamene kholo likufunika zenizeni. Koma kholo lingadziwe bwanji ngati palibe waliuza?

China chomwe anayamba, chooneka chaching'ono, ndi kope lachikuto cholimba lomwe mphunzitsi amapatsira mnzake pakutha pa chaka. Muli dzina la mwana aliyense ndi mizere iwiri itatu. Uyu saona bwino pabolodi muzimukhazika kutsogolo. Uyu amakhala ndi agogo ake, tsiku la msika sabwera. Uyu amadziwa koma ndi wamanyazi musamukakamize kuima. Kale mphunzitsi ankatha teremu yonse yoyamba akungowadziwa ana, pano mu September akulowa m'kalasi akudziwa kale woyamba naye.

Aphunzitsi atayamba kuyankhula chinthu chimodzi mpamene anatiitana ife, ndipo ulendo uno sinali miting'i ya sukulu yonse ija yoti anthu mazanamazana akhala padzuwa atatu okha nkumayankhula. Anaitana kalasi ndi kalasi. Tinalowa m'kalasi mwenimwenimo, kukhala pansi pomwe ana athu amakhala, madamu nkutionetsa buku, kutiuza kuti sabata ino tili pa tsamba ili, malembo ndi awa, pofika kumapeto kwa teremu mwana wanu azitha kuwerenga mawu ngati awa. Pempho lawo linali limodzi, madzulo kusanade mwana akuwerengereni kwa mphindi teni, basi. Agogo ena anakweza mkono nkuti, "Madamu pepani, ine sukulu sindinapiteko, nde ndimuthandiza bwanji mdzukulu wangayu?" Madamu anayankha mwaulemu kuti, "Agogo, Chichewa mumachidziwa kuposa ine. Iye aziwerenga inu muzimvetsera, akatchula mawu oti m'Chichewa mulibe mumufunse kuti wati chani, abwereze mpaka amveke." Anthu anang'ung'udza movomereza, ndipo ine ndinaona kuti agogo aja anakhala tsonga. Ndipo nzoona, Chichewa chimawerengedwa mmene chalembedwera, mwana akaphonya phatikizo limodzi mawu amamveka achilendo, khutu la munthu wamkulu limagwira pompo ngakhale asadziwe lembo nlimodzi lomwe.

Vuto linabwera pa mabuku. Ahedi ambiri amatsekera mabuku m'kabati poopa kuti akapita kumakomo asowa kapena abwera atang'ambika, ndipo mantha awo ndi omveka poti mabuku akatha sudziwa kuti ena abwera liti. Tinakangana ndithu mukomiti, ena akuti ayi tisunge, ine ndi anzanga ena tikuti buku lokhala m'kabati laphunzitsa ndani. Mapeto ake tinagwirizana kuti kholo lizisayinira kapena kudinda chala, buku lizikutidwa ndi pepala la shuga lija la pulasitiki, ndipo Lolemba lililonse madamu aziwerenga kuti abwera angati. Ena amabweradi ndi madontho a ndiwo, angapo anasowa, koma ambiri alipo ndipo akuwerengedwa.

Tsono ndinene za abambo anzanga, chifukwa apa ndiye pali nkhani. Tsiku la miting'i ya m'kalasi lija mukanawerenga amuna simukanamaliza zala za dzanja. Phala lomwe ana amamwa m'sukulu zambiri, monga zomwe zimathandizidwa ndi Mary's Meals yomwe inayamba ntchito yake kuno mu 2002, ophika ake ambiri ndi amayi ongodzipereka, kudzuka kukali mdima, kutunga madzi, kusonkha moto, kutakasa mphika waukulu uja utsi uli m'maso. A Mother Group, gulu la amayi olimbikitsa atsikana pa sukulu, nawo ndi amene amayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti mtsikana uja sakuoneka bwanji, amasoka mapadi ochapa kuti atsikana asamajombe akakhala kumwezi, amakanyengerera makolo kuti mwana wobereka abwerere, pajatu lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu akachira linakhazikitsidwa kale mu 1993 koma makolo ena mpaka lero salidziwa. Ku Dedza mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana ambirimbiri nkuwabwezera kusukulu, ndipo sinkagwira yokha, inkadalira amayi ndi anthu a m'midzi momwemo kuti aziitsina khutu. Ife amuna timatulukira pa tsiku la zisankho za komiti ndi pamene pamveka kuti ndalama zabwera. Achimwene, mwana wako ukamufunsa kuti lero mwaphunzira chani ndipo iwe nkukhaladi pansi kumvetsera, amasangalala mpaka mawa lake amakadzitama kwa anzake, ndaziona kwa wanga wamng'ono.

Za ndalama sindingazilumphe. Sukulu zimalandira ndalama ya SIG, yotukulira sukulu, kuchokera kuboma, ndi yochepa ndipo nthawi zina imachedwa, nchifukwa chake makolo amapemphedwabe kusonkha kuti alipire mlonda kapena kukonza zimbudzi. Ine kusonkha sindikana. Chomwe ndimakana ndi kubweza mwana wa sitandade 2 pageti chifukwa bambo ake sanapereke, pamene lamulo la maphunziro la 2013 likuti mwana aliyense akuyenera kukhala pasukulu ya pulayimale. Ngongole ndi ya kholo, akaitsate a komiti ndi amfumu, mwana alowe m'kalasi. Ndipo a SMC, komiti yoyang'anira sukulu, omwe ndi amene amayendetsa zachitukuko ndi ndalama, azimata pepala pakhoma la ofesi kuti zalowa zakuti zatuluka zakuti, malisiti ali apa. Pathu titayamba kumata, mphekesera zinachepa ndipo osonkha anawonjezekera, anthu sikuti ndi ouma manja koma safuna kuponya ndalama mumdima.

Tili ndi gulupu ya WhatsApp, imathandiza pa zolengeza koma ndisaname, makolo omwe ana awo akuvutika kwambiri ambiri mulibemo, alibe mafoni oterowo kapena bandulo. Nde uthenga wofunika timaupititsabe kwa amfumu, kutchalitchi ndi kumzikiti. Komanso tinachita kuletsa zomadzudzula mphunzitsi pagulupu, uli ndi dandaulo pita ukaonane naye, zikakanika kwa ahedi, zikakanikanso alipo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale, kuzoni. Kholo kutengapo mbali sikutanthauza kuti usanduke woyendera sukulu, kumakaima pawindo kuona ngati aphunzitsi alemba lesoni pulani. Mphunzitsi amene akuona kuti makolo akumusaka amatseka chitseko, ndipo sangakuuzenso zoona za mwana wako.

Ndikudziwa kuti zonsezi sizichotsa udindo wa boma. Kukumana Lachitatu sikuchepetsa ana 100 kukhala 60, sikumanga nyumba ya mphunzitsi yemwe amapalasa njinga mtunda wautali m'mawa uliwonse, ndipo nthawi yomwe amakhala pansi pa mtengo ija ndi yawo yoti akanakhala ali kumunda kapena kugeni yowonjezera malipiro. Nchifukwa chake ine pamiting'i iliyonse ndimaonetsetsa kuti zimenezi zanenedwa pamaso pa makolo, adziwe kuti anthuwa akupereka zoposa zomwe amalipidwa. Nthawi ya Covid-19, sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 ana nkukhala pakhomo miyezi yambiri, tonse tinalawako kuti kukhazika mwana mmodzi pansi kuti amvere phunziro pawailesi ndi ntchito, nanga amene ali nawo 100?

Pomwe pakutivutabe pano ndi pa sitandade 5. Kuyambira 1 mpaka 4 mwana wazolowera kumva zinthu zambiri m'Chichewa, akangofika 5 masamu, sayansi, zaulimi zonse m'Chingerezi, ndipo ana ambiri omwe ankakhoza bwinobwino amangoti zii, ena nkuyamba kubwereza, atsikana ena nkusiyira pomwepo. Apa njira ya agogo ija yomvetsera ndi khutu siigwiranso, ndipo makolo ambiri amabwerera m'mbuyo kuti izi ndiye zatipitirira. Tapempha ahedi kuti teremu ikubwerayi aphunzitsi a sitandade 4 ndi 5 azikhala limodzi Lachitatu lija, aone mawu a Chingerezi omwe mwana akuyenera kuwolokera nawo, ndipo ife a PTA tikuyenda m'makomo kufufuza anyamata ndi atsikana omwe anamaliza folomu 4 ali pakhomo, kuti mwina madzulo azikhala ndi ana asanu asanu pakhonde kuwerenga nawo. Amfumu avomera kale kuti alengeza pamsonkhano wa m'mudzi Loweruka.