Tsiku lomwe ndinadzoza mngelo mafuta ophikira

Amayi anga anandilera ndi lamulo limodzi: chinthu chikada, chikweche. Poto, chidendene, mwana, mankhwala ake ndi omwewo. Lamuloli ndinapita nalo ku Cape Town komwe ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa agogo ena achizungu, ndipo linandidyetsa bwino zaka zitatu, mpaka tsiku lomwe ndinakwera nalo pakhoma.

M'kolido mwa agogowo muli chithunzi chakuda bii, chomwe malemu amuna awo anabwera nacho kuchokera ku Peru. Ukachiyang'anitsitsa umaona munthu wa chipewa chachikulu cha nthenga, malaya a manja otukumuka ngati a mkwatibwi, mapiko kumsana, m'manja mfuti ya gogodela. Ine ndinakulira ku Mtakataka, Misa ndinkamvera ku Mua, angelo ndimawadziwa. Gabirieli amabwera ndi uthenga, Mikaeli ndi lupanga. Koma wamfuti? Ndinkangomutcha mlenje, ndipo ndikamadutsa ndi mopu ndinkamupatsa moni.

Mu Disembala agogo anapita ku Durban kukaona mwana wawo. Potsanzika anati nyumba iwale, pa Khrisimasi kubwera alendo. Ndinatsuka mawindo, ndinapolisha pansi, mbaula inachita kuoneka nkhope. Chotsala chinali mlenje yekha, kundiyang'ana ndi litsiro lake.

Ndinayamba mwaulemu, pakona, ndi kansalu konyowa ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale. Kansalu kanabwerako kofiirira ngati madzi a Linthipe m'dzinja, ndipo pomwe ndinapukutapo panatulukira kufiira ndi timaluwa tagolide. Abale, mtima unakoma. Ndinatenga beseni lonse. Ndinamusambitsa mlenje kuyambira kuchipewa mpaka m'mawondo, uku ndikuimba nyimbo ya kwaya, ndikuwerengera kale bonasi.

Nditabwerako kodya nsima, chithunzi chinali chitauma. Mngelo anali mbuu, ngati munthu wochokera kuchigayo. Pa kansalu kanga panali tinyenyeswa tonyezimira, ndipo pa mkono wa malaya ake panali kadazi.

Thukuta. Ndinakhala pansi m'kolido momwemo n'kuyamba kuganiza mozama, komwe ndi kulakwa kwanga kwachiwiri. Ndinakumbukira agogo akuuza mlendo kuti chithunzichi ndi cha penti wa mafuta. Ndiye kuti sopo wachotsa mafuta. Nanga mwana akatuwa atasamba timatani? Ndinathamangira kukhitchini.

Musandiseke, chifukwa zinatheka. Nditangopaka mafuta ophikira ndi thonje, kutuwa konse kunazimirira, mngelo anawala ngati mwana wopita ku ubatizo. Ndinagona tulo tabwino masiku awiri. Tsiku lachitatu kunabwera nyerere.

Agogo anafika Loweruka. Anaika chikwama pansi, maso awo anagwera pa mzere wa nyerere, n'kuutsatira pang'onopang'ono kuchoka pakhomo, kukwera khoma, mpaka pa mfuti. Kenako anafwenkheza mphuno.

"Mwakazinga chiyani m'kolido muno?"

Ndinaulula zonse nditagwira chipewa m'manja, ngati kwa bambo mfumu. Sanakalipe. Anangokhala pampando n'kupempha madzi akumwa, zomwe zinandiopsa kuposa kukalipa.

Lolemba kunabwera mayi wina wodziwa kukonza zithunzi zakale, ndi kabokosi kake ndi katochi. Anandiitana kuti ndifotokoze ndondomeko ya zomwe ndinapaka, ndipo pa mafuta ophikira anatseka maso kanthawi. Ndi iyeyo anandiuza yemwe ndinamusambitsa. Chithunzicho chinajambulidwa cha m'ma 1700 ku Cusco, mzinda wa Ainka, anthu akale a ku Peru, womwe Asipanya anaulanda mu 1533. Ansembe ankafuna zithunzi zophunzitsira chikhristu, ndipo ambiri mwa ojambula anali eni dziko, omwe nthawi zambiri sankalembapo ndi dzina lomwe. Angelo amfuti ndi a kumeneko ku mapiri a Andes, ovala ngati mabwana achisipanya, asilikali akumwamba onyamula chida choopsa cha nthawi imeneyo. Anati m'tchalitchi chachikulu cha ku Cusco muli chithunzi cha Mgonero Womaliza chojambulidwa ndi Marcos Zapata, ndipo m'mbale patsogolo pa Ambuye muli kanyama komwe ambiri amati ndi mbira. Apo ndinamva chibale. Anthu oti amaika mbira patebulo la Ambuye tikhoza kumvana nawo.

Kuda kuja, anati, ndi mwaye wa makandulo ndi vanishi wokalamba. Madzi akalowa mu vanishi woteroyo amatuwa, ndipo akafika pansi amafewetsa guluu wogwira penti kunsalu. Tinyenyeswa tija anali golide weniweni, wopyapyala kuposa khoko la anyezi. Kansalu ndinali nditakachapa kale. Golide wa zaka 300 anapita ndi madzi a m'sinki.

Kenako mayiyo anatenga kamtengo, anakulungako thonje, n'kukaika m'kamwa. Ndinkayesa akuganiza. Anakatulutsa konyowa n'kuyamba kukagubuduza kumapazi a mngelo, komwe beseni langa silinafike. Thonje linada, nsapato ya mngelo inaoneka bwinobwino, popanda kutuwa.

"Malovu," anatero ataona kukamwa kwanga kuli yasa. Akuti amasungunula litsiro mofatsa osapweteka penti, ndipo akatswiri amawagwiritsadi ntchito.

Tangoganizani. Ine wobwera ndi sopo waukhondo ndine wolakwa, wolavulira mngelo ndiye alandire ndalama zoposa malipiro anga a miyezi ingapo. Chithunzi anachinyamula chogoneka ngati wodwala, ndipo chinakakhala kwake mpaka Isitala.

Pofuna kuchepetsa mlandu, ndinawauza agogo kuti ngati nkhani ndi malovu, ine ndili nawo ambiri, ndipo ndi aulere. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Inu ndi mngelo ameneyu," anatero, "muzingopatsana moni."