Zikomo abulazala a St John of God ku Mzuzu

Lero chakwana chaka chathunthu chitulukire achimwene anga m'chipatala cha St John of God ku Mzuzu, cha abulazala a Katolika chothandiza odwala matenda a maganizo. M'mawa uno ndawasiya pansi pa mtengo wa mango akumata chubu cha njinga ya munthu, akuseka ndi makasitomala awo, ndipo ndati ndisagone ndisanathokoze pagulu.

Amene mumatidziwa mukukumbukira mmene zinalili. Achimwene anasiya kugona, ankayankhula okha usiku wonse, kenako anayamba kuthawira kutchire. Ena ankati alodzedwa, ena ankati n'chamba. Mbuzi zitatu zinathera kwa asing'anga osaphula kanthu. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ife abale awo tinafika powamanga chingwe m'miyendo chifukwa cha mantha.

Titafika ku Mzuzu, namwino amene anatilandira anayamba wapereka moni kwa achimwene, kuwatchula dzina ndi mfunda wawo, kenako n'kuwafunsa ngati adya. Panali patatha miyezi yambiri aliyense akuwatchula kuti wamisala. Ndinalira pomwepo. Ife ndife a CCAP, koma palibe amene anatifunsa za mpingo.

Pambuyo pake ndinamva mbiri ya mwini dzina la chipatalachi. John of God anabadwira ku Portugal mu 1495, ndipo nayenso anatsekeredwapo m'chipatala ku Granada, m'dziko la Spain, anthu akumuyesa wopenga. Masiku amenewo odwala otere ankawakwapula, poganiza kuti ndiwo mankhwala. Atatuluka anayamba kutola odwala ndi osauka m'misewu n'kumawasamalira mpaka pamene anamwalira pa 8 March 1550. Chipani cha abulazala chinaphuka pa ntchito imeneyo, ndipo ena a iwo anachokera ku Ireland kudzayamba ntchito ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990, pamene anthu a kumpoto ankadalira chipatala cha ku Zomba, mtunda wautali zedi. Nditamva zimenezi ndinamvetsa chifukwa chake pamalo paja wodwala samukalipira.

Zikomo abulazala. Zikomo madokotala ndi anamwino, amene munaleza mtima mpaka mankhwala oyenera atapezeka. Zikomo alangizi, munatikhazika pansi ifenso a pabanja n'kutiphunzitsa kuti awa ndi matenda ngati shuga kapena BP, kuti mankhwala sasiyidwa chifukwa munthu wayamba kupeza bwino, komanso zizindikiro zoti tizizitchera khutu matendawa akafuna kubwerera. Amayi amene mumasesa ndi kuphika, sindikuiwalani, achimwene amakutchulanibe.

Kwa amalume amene anatipatsa ndalama ya basi, ndi amayi a Chigwirizano amene ankasiya ufa pakhomo pathu ife kulibe, Mulungu akubwezereni.

Achimwene ndawawerengera zonsezi ndisanazitumize ndipo avomera. Angowonjezera kuti ndikuuzeni kuti amene njinga zanu zafa mubwere nazo, ayambanso ntchito.