Tsiku limene ndinadya guluu wa mabuku

Ntchito ya mulaibulale ya yunivesite ina kuno ku Harare anandipezera ndi amayi ena a kumpingo kwathu ku Mbare, amene makolo awo anachokera ku Dedza ngati anga. Iwowo ndi amene amayang'anira chipinda chokonzera mabuku akale. Tsiku loyamba anandiwerengera malamulo. Selotepi asayandikire buku, poti imasiya banga lachikasu losachoka. Buku likanyowa, osaliyanika padzuwa ngati mphale. Likagwidwa ndi tizilombo, amalikulunga mupulasitiki n'kulisiya mufiriji yowumitsa kwa masiku angapo. Zonsezo ndinamva bwinobwino. Za kambale sanandiuze.

M'mawa wina mu June, chisanu cha ku Harare chili tsoo m'zala, kombi, minibasi ya kuno, inandichedwetsa ndipo ndinafika m'mimba muli pululu. Patebulo ndinapeza kambale ka phala loyera, losalala, lofundirako. Ndinati mumtima, amayiwa Mulungu awadalitse. Ndinathiramo masupuni awiri a shuga. Mchere munalibe, koma za ulere ndani amazifunsa mchere?

Ndikunyambita supuni m'pamene ndinaona kabulashi pambali, ndi timapepala topyapyala ta ku Japan tomatira masamba ong'ambika. Abale inu, ndinali nditadya guluu! Amachita kuphika ndi sitachi ya tirigu, chifukwa akauma amamatukanso ndi madzi osawononga pepala.

M'malo moulula, ndinathamangira kukantini kukapempha ufa wa sadza, nsima ya kuno. Ndinaphika kaphala kanga n'kukathira m'kambale komweko, osatsuka n'komwe. Amayi atabwera anamatira mapu akale, a nthawi imene mzinda uno unkatchedwa Salisbury, dzina lija lisanasinthe mu 1982. Anangodandaula kuti, "Lero walimba bwanji guluuyu?" Ine zii, maso pa tsache.

Lolemba tinapeza nyerere zitandanda pamapupo, mzere wautali ngati anthu opita ku Mbare Musika. Mphemvu imodzi inali itanenepa kale pakona. Amayi ananunkhiza, n'kupala pang'ono ndi chikhadabo, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana wanga, weniweni uja unamumva kukoma?"

"Anachepa mchere, amayi," ndinayankha, poti bodza linali litandithera.

Tsiku lonse tinakhalira kuchotsa phala langa ndi thonje lonyowa, mapu n'kukagona mufiriji. Panopa kambale kaja kali ndi chikwangwani m'zinenero zitatu. Cha Chingerezi ndi Chishona chimangoti si chakudya. Cha Chichewa chinayamba ndi dzina langa.