Kufotokozera amayi za zinyalala za nyukiliya

Sabata ino aphunzitsi anatipatsa ntchito yoti aliyense apeze munthu amene sanaphunzire sayansi, amufotokozere za zinyalala za nyukiliya zotulutsa cheza chochepa. Ine ndinasankha amayi anga. Nditangotchula mawu oti nyukiliya, anaika kapu pansi n'kundifunsa kuti, "Mwanawe, si za mabomba zimenezo?"

Ndinayamba ndi zomwe ndinaloweza. Zinyalalazi ndi zinthu wamba: magolovesi, masirinji, zovala zogwirira ntchito ndi nsalu zopukutira, zochokera m'zipatala, m'malabu ndi m'malo opangira magetsi a nyukiliya. Pa mulu wonse wa zinyalala za nyukiliya, zimenezi ndi pafupifupi 90 peresenti, koma cheza chake ndi 1 peresenti yokha. Amayi anangogwedeza mutu, ndipo ndinaona kuti manambalawo sanawalowe.

Anayamba kumvetsera nditakamba za nthawi. Chinthu chilichonse chotulutsa cheza chili ndi nthawi yake imene mphamvu yake imatsika ndi theka, yomwe m'kalasi timati half-life. Technetium-99m, imene madokotala amabaya odwala pofuna kuunika m'thupi, imatsika ndi theka pa maola 6. Pakatha maola 60, pa magawo 1,000 pamatsala gawo limodzi lokha. N'chifukwa chake chipatala chimaika sirinji yotere m'chotengera chake, kulembapo tsiku, kutsekera m'chipinda, n'kudzayeza ndi kachipangizo ka Geiger isanatayidwe. Iodine-131 imafuna masiku 8. Koma caesium-137 imafuna zaka 30, ndipo malo otayira monga Centre de l'Aube ku France anawakonza kuti aziyang'aniridwa zaka pafupifupi 300.

Apa amayi anafunsa funso limene landikhala mumtima mpaka lero: "Nanga ine nditatola chinthu, ndingadziwe bwanji kuti ichi n'cha maola, ichi n'cha zaka?" Ndinawauza zoona, kuti sangadziwe. Cheza sichinunkha, sichioneka ndi maso. Ku Goiânia, m'dziko la Brazil, mu 1987 anthu otola zitsulo anaphwanya makina ochizira khansa amene anasiyidwa m'chipatala chotsekedwa. Ufa wa caesium-137 unkawala mwa mtundu wa buluu mumdima, ndiye ankagawana n'kumaonetsa abale. Anthu 4 anamwalira ndipo oposa 100,000 anayezedwa. Chimenecho sichinali chinyalala cha cheza chochepa, koma otolawo akanasiyanitsa bwanji? Zimandipweteka kuti analibe wowauza.

Ndinawaonetsa chizindikiro chochenjeza za cheza, cha mapiko atatu chija. Anachiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti chikufanana ndi fani. Kenako ndinawaonetsa chofiira chimene bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA linatulutsa mu 2007, chokhala ndi chigaza ndi munthu akuthawa. Sanadikire kuti ndifotokoze, anangoti, "Ichi chikuti choka."

Kapepala kophunzitsira anthu kamene ndinakonza kanayamba ndi maperesenti aja. Ndakalembanso, ndipo pamwamba ndaikapo funso la amayi.