Tsekwe wogwa pa shopu ya zikwama ku Guangzhou

Mnzanga amene anandiphunzitsa kuoda katundu ku Guangzhou anandichenjeza za mayi wina wachikulire wogulitsa zikwama. Ati satsitsa mtengo ngakhale ugwade. "Koma achimwene, mukawayamikira kukongola m'chilankhulo chawo cha Chikantoni, amafewa."

Anandilembera papepala mawu anayi: cam jyu lok ngaan. Kunena kwake n'kwakuti nsomba zimira, atsekwe agwa. Anthu akumeneko amati Xi Shi, chiphadzuwa cha ku China chamakedzana, ankachapa nsalu kumtsinje, nsomba zitamuona zinaiwala kusambira n'kumira. Wang Zhaojun naye, chiphadzuwa china, ali paulendo wokakwatiwa ndi mfumu ya a Xiongnu, mtundu wa anthu a kumpoto kwa China, mu 33 BC, akuti atsekwe ouluka atamuona anaiwala kukupiza mapiko n'kugwa pansi. Chiphadzuwa chogwetsa ndiwo kumwamba, ife kwathu tikanachimangira nyumba pafupi ndi khitchini.

Vuto n'lakuti Chikantoni chili ndi kakwezedwe ndi katsitsidwe ka mawu ka mitundu 6, ndipo pepala langa linalibe zimenezo. Ndinafika, ndinakonza kolala, ndinanena. Mayi aja anandiyang'ana, kenako anandilozera kumene kuli chimbudzi. Ndinabwereza mokweza. Anatenga kakyuleta n'kulembanso mtengo womwe uja.

Apa ndinati pakamwa pakakanika, thupi lilipo. Ndinawaloza iwo, ndinatukula milomo ngati chambo, ndikupalasa ndi manja, n'kumira pang'onopang'ono kuseri kwa kauntala. Anyamata onyamula makatoni anaima. Nsomba itatha ndinayamba tsekwe. Ndinakwera pa kampando ka pulasitiki, manja tambasu, khosi kutsogolo, ndikukupiza. Kugwa ndinafuna kungoyerekeza, koma mwendo wa kampando unapindika, ndipo chigongono changa chinakapeza kalilole wamtali amene makasitomala amadzionerapo. Phwaa!

Chete. Kenako mayi aja anadzigunda pachifuwa n'kufuula, "Leng baau geng!" Msika wonse unafa nalo phwete, wina mpaka kukhala pansi pa katoni. Mtsikana wa shopu yoyandikana, misozi ili mbwee, anandimasulira m'Chingelezi kuti achinyamata akumeneko akafuna kunena kuti munthu wakongola mopyola, amati wakongola mpaka kuphulitsa kalilole. Mayiwo akuti umboni suwo uli pansi.

Anandipatsa tiyi ndi pulasitala ya pachigongono, akusekabe. Pa risiti analemba zikwama pamtengo wake wakale, m'munsi mwake kalilole, m'munsinso kampando.