Magetsi akazima muli mkati mokopera mafayilo

Chimene chimandiopsa backup (kukopera mafayilo n'kuwasunga pena) ikadukira panjira si kuyambiranso ayi. N'choti foda ija pa hard drive imaoneka ngati yakwana, mayina onse alipo, pomwe mkatimo muli fayilo yoduka pakati. Mumadzazitulukira patapita miyezi, laputopu itafa kale, vidiyo ya chinkhoswe ikungosewera pang'ono n'kuima.

Ine ndimasunga zithunzi za banja ndi mavidiyo a kwaya yathu pa hard drive ya 1TB. Kukoka foda ndi mouse n'kukaiponya ku drive kumagwira ntchito zinthu zikakhala zili bwinobwino, koma magetsi a kwathu kuno ndani angawalonjeze? Akangothima, kapena mwana akagunda chingwe cha USB, poyambiranso Windows imafunsa ngati mukufuna kulowetsa fayilo yatsopano m'malo mwa yomwe ilipo kapena kuidumpha. Ambiri amadumpha kuti zithe msanga, ndiye yoduka ija imatsala momwemo poti dzina lake lilipo kale.

N'chifukwa chake ndimakonda robocopy, pulogalamu yokopera mafayilo. Imabwera kale mu Windows kuyambira pa Vista, simuwononga bandulo kuidawuniloda. Mumatsegula Command Prompt, windo lolembamo malamulo, n'kulemba motere (foda yoyamba ndi ya mu kompyuta, yachiwiri ndi ya pa drive ya backup; ikani mayina a mafoda anu):

robocopy C:\Users\Ine\Pictures E:\Backup\Pictures /E /Z /R:2 /W:5

Ubwino wake ndi woti mzere womwewu mutha kuubwereza kangati konse. Imayerekeza kukula ndi deti la fayilo iliyonse mbali zonse ziwiri, zomwe zinafika kale imazisiya, n'kutenga zotsala zokha. /E ndi yoti itenge mafoda onse a mkati. /Z ndi yoti fayilo yaikulu ikaduka ipitirize pomwe inalekezera. Imachedwetsako, choncho pa tizithunzi ting'onoting'ono mutha kuisiya, koma pa mavidiyo sindiichotsa.

Musaiwale /R (iyesenso kangati) ndi /W (idikire masekondi angati). Mukazisiya, robocopy ikakumana ndi fayilo yovuta imayesa ka 1,000,000, kudikira masekondi 30 ulendo uliwonse. Werengetsani nokha: ndi pafupifupi chaka chathunthu pa fayilo imodzi! Munthu umangoyang'ana sikirini n'kumati kompyuta yauma, pomwe iyo ikungokakamira pamodzimodzi ngati nkhupakupa. Ikamaliza imaonetsa katebulo pansi, ndipo ine maso anga amathamangira pa mzere wa FAILED. Pakhale 0 basi.

Pa intaneti mupeza anthu akuyamikira /MIR, yomwe imafananitsa backup ndendende ndi foda ya mu kompyuta. Ine ndimaiopa, chifukwa imafufuta ku backup chilichonse chomwe mulibenso mu kompyuta. Mukasemphanitsa mafoda awiri aja, imafufuta za mu kompyuta zomwe mulibe ku backup; wina akafufuta zithunzi mwangozi, backup nayo imatsatira. Chimodzimodzinso Cut: posunga zinthu gwiritsani Copy, zoyambirira zikhale pomwe zili.

Nthawi zina wolakwa si magetsi. Mafulashi ambiri amabwera ali pa FAT32, njira yosungira mafayilo yomwe silandira fayilo yoposa 4GB ngakhale malo atakhalapo ambiri. Vidiyo yaitali imakanika pomwepo. Mankhwala ake ndi kufomata kukhala exFAT kapena NTFS, mutasamutsa kaye zomwe zilimo, poti kufomata kumasesa zonse.

A Linux ndi Mac ali ndi rsync, pulogalamu yogwira ntchito yomweyi, ya mu 1996 koma ikadali yolimba. Mukaikapo --partial imasunga chidutswa chomwe chinafika kuti isayambirenso pachiyambi.

Pa nkhani ya magetsi, laputopu ndi ka hard drive kodya moto wa pa USB zimapulumuka zokha chifukwa batire limanyamula zonse ziwiri. Desktop, kapena drive yaikulu yokhala ndi adaputala yakeyake, imafuna UPS, kabokosi ka batire kogwiriziza magetsi akathima. Drive ikazima ili mkati molemba, ndisanakopere china chilichonse ndimayamba ndayendetsa chkdsk E: /f kuti iunike ndi kukonza zolakwika pa drive, kenako mzere wa robocopy uja. Pomaliza ndimatsegula mavidiyo angapo kuchokera pa drive, kuwathamangitsa mpaka kumapeto, kenako Eject, ndikudikira uthenga wake ndisanazule chingwe.