Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Keke ya mng'ono wanga

Gawo lapita lija tinasiyana nditatuluka m'nyumba ya bambo a ana anga n'kubwerera kwa mayi ku Ndirande. Zikomo nonse amene munandilembera, makamaka inu mayi a ku Johannesburg amene munati munawerenga muli kuntchito misozi ikutsika. Ena mukufunsabe chifukwa chake sinditchula mayina. Ana anga akula ndipo amawerenga zimenezi, n'chifukwa chake. Ambiri mwapempha kuti ndifotokoze mmene ndinayambira makeke a ukwati, ndiye lero ndi pomwepo.

Zaka zingapo zinatha ndili pa mbaula, mandasi m'mawa, zitumbuwa ndi chigumu masana.

Mu 2017 mng'ono wanga, uja ndinkamubereka popita kuchigayo, anachita chinkhoswe, ndipo ukwati anauika mu October. Komiti itakhala pansi, mtengo wa keke umene anabwera nawo kuchokera m'tauni unatsala pang'ono kufanana ndi wa holo. Mukukumbukira kuti ndinagwirapo ntchito ya m'nyumba ku Namiwawa, ndipo chaka chilichonse ndinkathandiza abwana aja kuphika keke ya zipatso ya Khirisimasi. Ndinakweza mkono n'kunena kuti ndiphika ndine, komiti ingogula zofunika.

Apa m'pomwe azakhali a mkwati anayankhula. Sanakweze mawu, ndiponso sanandiyang'ane. Anayang'ana amalume n'kunena kuti, "Keke ndi chakudya choyamba chimene ana athuwa adzadyetsana pamaso pa anthu. Ndiye iphikidwe ndi manja a munthu amene banja linamukanika?"

Pabalaza panali anthu odzaza, akuchimuna ndi akuchikazi, ena amene ndinkawapatsa mandasi pangongole. Palibe anatsokomola. Amalume, omwe anali ankhoswe anga ndipo ankadziwa chilichonse chimene chinkachitika m'nyumba ija, omwe anandiperekeza okha kuchipatala tsiku lija ndinakuuzani m'gawo 7, anazyolika n'kumawerenga mapepala a bajeti. Mayi ankangokonza chitenje pamaondo, kuchikonza n'kuchikonzanso. Ine ndinayang'ana manja angawa. Anali ndi zipsera za mafuta a mandasi, ndipo ndinawabisa pansi pa chikwama. Kumenyedwa kunandipweteka thupi, koma tsiku limenelo ndinamva kuti anthu anandiweruza kale, kuti kupulumutsa moyo wanga ndi wa ana kunasanduka tsoka loti ndingapatsire mwana wa mayi anga. Ndinafuna kudzuka, miyendo inakana.

Amene anayankha ndi mkwatibwi mwini, amene pa miyambo yathu sayenera kuyankhula kwambiri pamaso pa apongozi. Anagwada n'kunena kuti, "Pepani azakhali, achemwaliwa ndiwo anandilera. Keke yawo ikapanda kulowa mu holo, inenso sindilowamo."

Wina anganene kuti ndikanangowasiyira, mtendere ukhalepo. Ayi. Ndikanabwerera m'mbuyo ndikanavomereza kuti ananena zoona, ndipo mwana wanga wamkazi anali pakhonde akumva zonse.

Chaka chimenecho mukuchidziwa. Madzi anatsika m'nyanja ya Malawi ndi mu Shire, makina a ku Nkula ndi ku Tedzani sankapanga magetsi okwanira, ndipo ankazima tsiku lathunthu, nthawi zina kupitirira. Aneba anandilonjeza uvuni yawo, koma keke ya zipatso imafuna moto wochepa, madigiri 140 mpaka 150, kwa maola anayi kapena kuposa. Magetsi akathima pakati, keke imagwa pamtima ndipo zipatso za ndalama zambiri zapita. Ndinasankha mbaula, chifukwa moto wake ndimaudziwa.

Kwa inu amene mumafunsa miyeso: pa tini ya masentimita 20 ndimaika magalamu 250 a Stork, 250 a shuga wabulauni, 250 a fulawa, mazira asanu ndi zipatso zouma zokwana kilogalamu imodzi. Abwana aja ankaviika zipatso mu brandy, ndipo keke yotero imakhala miyezi osawonongeka. Akuchimuna kwathu sakhudza mowa, ndiye ndinaviika mu tiyi wakuda wamphamvu usiku wonse, ndipo ndinaphika ukwati utayandikira, pakuti yopanda mowa sichedwa kuchita nkhungu m'nyengo yotentha.

Kaphikidwe kake ndi ka chigumu, kungoti kamafuna kudekha. Sefuliya yaikulu, pansi pake mchenga wa kumtsinje wosefa bwino, tini pamwamba pa mchengawo itayalidwa pepala kawiri mkati. Makala ochepa pansi, ambiri pachivundikiro. Mchenga ndi umene umagwira moto kuti pansi pasapserere. Ntchito yeniyeni ndi kukhala pompo, kuchotsa khala lopsa kwambiri, kuika lina, kutembenuza sefuliya, osavundukula kawirikawiri. Ukabaya kampeni pakati n'kutuluka koyera, yapsa. Magawo atatu, lililonse usiku wakewake, mayi atakhala pambali panga pa mkeka. Za tsiku la komiti sanazitchule, koma sanagone ngakhale usiku umodzi wa kuphikako, ndipo ine ndinamva chimene ankanena.

Kukongoletsa ndiye kunandidya mutu. October wa ku Blantyre mukumudziwa. Buttercream, icing yofewa ya batala ndi shuga, ikanasungunuka tisanafike n'ku holo komwe, ndiye ndinagula plastic icing, icing youmbika ngati dongo imene umaifutukula n'kukutira keke. Masana imafewa n'kumamata m'manja, choncho ndinkadzuka tambala woyamba asanalire, kunja kukadali kozizira. Keke umayamba waisalaza pamwamba ndi mpeni, maenje a zipatso n'kuwatseka ndi timapisi ta icing, kenako kuipaka jamu wa apricot wotenthetsa kuti icing igwire. Patebulo umawaza cornflour pang'ono, n'kuifutukula mpaka ikhale yochindikala mamilimita anayi kapena asanu. Ikapyapyala kuposa apo, zipatso zakuda zimaonekera. Ndipo musaiike mu fuliji. Ikatuluka imachita thukuta, kuwala konse n'kutha.

Maluwa ndinaumba ndekha. Ukasakaniza ufa wa tylose mu icing imauma gwa, ndiye ndinkadula tsamba limodzilimodzi, kulipyapyaza ndi chala, n'kuliyanika mu thileyi ya mazira kuti lipindike. Mwana wanga wamkazi ndiye ankaingitsa nyerere, miyendo ya tebulo titaiika m'zitini za madzi. Chimene ambiri oyamba kumene sadziwa n'chakuti keke yapamwamba sikhala pa inzake. Gawo lililonse limakhala pa bolodi lake, ndipo kulemera kumanyamulidwa ndi timitengo tobayidwa mkati mwa keke yapansi, todulidwa mofanana ndendende. Magawowo tinawanyamula padera, lililonse m'katoni yake pamiyendo pa munthu, ndipo ndinakawasanjikira ku holo komweko.

Inaima, yoyera, yosapendekeka. Mng'ono wanga ndi mlamu wanga anadula, anadyetsana, n'kukagwada kupereka kwa makolo mbali zonse ziwiri. Perekani-perekani atafika pa keke, timapisi tokulunga mu foil tinatha anthu akadali pamzere ndalama zili m'manja. Azakhali aja anagula tiwiri. Ndinawaona ndi maso angawa. MC ankathokoza ophika, okongoletsa holo ndi a galimoto, ndipo dzina langa silinali papepala limene anamupatsa. Mlamu wanga ndiye anatenga maikolofoni n'kunditchula, ndipo amayi a kutchalitchi kwathu analulutira.

Azakhali, ndikudziwa kuti ana anu amakuwerengerani zimene ndimalemba. Mpaka lero simunabwere kudzapepesa, ngakhale timakumana pamaliro n'kupatsana moni. Mutatuma mwana wanu kudzaitanitsa keke ya chinkhoswe chake, ndinaphika ndi mtima wonse, chifukwa mwanayo sanandilakwire. Ndinakukhululukirani, koma mawu aja munawanena pagulu, ndipo ine ndawayankha pagulu. Banja la mng'ono wanga lilipo, ana awiri, ndipo keke zawo za tsiku lobadwa zimachokera pa mbaula yomweija.

Pa holo pomwepo mayi wina wa ku Chilomoni anandikokera pambali kufunsa ngati ndingaphike ya mwana wawo ya mu December, mvula ili pakati, nyengo imene plastic icing imavuta kuposa October. Ndalama ya keke imeneyo ndi imene bambo a ana anga anaimva n'kutulukira pakhomo pa mayi. Zimenezo ndi za gawo 10.